Tambala akalira kwa eni

Ku Thyolo kuno tili ndi zinthu ziwiri zomwe sizitha: tiyi ndi mikangano ya mpira. Tiyi ndiye amatidyetsa, koma chomwe chimatiumitsa kukhosi pa Bvumbwe, pa Thunga, pa Makwasa mpaka ku Luchenza ndi mpira wa ku Ulaya. Ndipo mukatchera khutu bwinobwino mupeza kuti anthu sakangana kwenikweni za amene wasewera mwaluso. Zimenezo amagwirizana msanga. Mkangano weniweni umagona pa munthu wa wezulo uja, komanso pa malamulo osankhira wopitirira pamene matimu awiri alepherana. Mnyamata yemwe sanapondepo ngakhale pa bwalo la ndege la Chileka atha kukutchulirani dzina la woyimbira wa ku Norway amene anamulakwira mu 2009, ndipo akamalitchula dzinalo nkhope imachita kusintha ngati akunena munthu amene anamubera mbuzi.

Inu a m'tauni mumaseka zimenezi. Mumati anthu othyola tiyi, oti ndalama ya sopo ikuwavuta, akuliriranji timu ya ku London yoti siikuwadziwa n'komwe? Funsolo n'labwino ndithu. Yankho lomwe ine ndili nalo ndi loti munthu wa pa esiteti amakula akuweruzidwa tsiku ndi tsiku. M'mawa kapitawo amuweruza ngati wafika nthawi yake. Masana kalaliki amuweruza kuti dengu lake lalemera bwanji. Pakutha pa nyengo ofesi imuweruza ngati tikiti yake ipitirire kapena ayi. Tsono munthu wotere akaona mnzake akuweruzidwa mokhota, ngakhale zichitikire kutsidya kwa nyanja, bala lomwe limatukusidwa ndi lake lomwe.

Bambo anga anali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina konkuno, dzina lake tilisiye. Lolemba mpaka Loweruka ankakhala pa shedi, buku pamwendo, pensulo kukhutu. Lamulungu masana ankavala kabudula wakuda, kutenga wezulo, n'kukayimbira mpira wa madivishoni. Ntchito zonse ziwirizi n'zodanitsa. Mayi anga ankati iwo anakwatiwa ndi munthu wotukwanidwa masiku asanu ndi awiri pa sabata.

Kwa amene simunaonepo, zimayenda chonchi. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mvula ikamagwa, tiyi amaphuka mosapumira, ndipo wothyola amabudula masamba awiri ndi kansonga kake n'kuponya m'dengu lomwe lili kumsana. Malipiro amayendera makilo. Koma masamba akanyowa amalemera, ndipo kampani siifuna kugula madzi, ndiye pa sikelo amachotsapo makilo ena. Pamenepo palibe ankatsutsa. Aliyense amadziwa kuti madzi si tiyi. Chowawa pa esiteti yathu masiku amenewo chinali choti kuchuluka kwa makilo ochotsawo sikunalembedwe paliponse poti wothyola aone. Lero awiri, mawa anayi, malinga ndi m'mene bwana wa divishoni wayang'anira kumwamba. Bambo ankangouzidwa, iwo n'kulemba, matemberero onse n'kugwera iwo.

Ndiye chifukwa chake ankaukonda mpira. Anali ndi kabuku ka malamulo 17 aja, kong'ambikang'ambika, komwe sikankachoka m'thumba la malaya. Tsiku lina akusoka mpira wophulika anandiuza kuti, "Mwanawe, ku bwalo kuli bwino. Kumeneko lamulo ndili nalo m'thumba, wofuna atha kuliwerenga. Pa sikelo lamulo lili m'mutu mwa munthu wina."

Mpira wa ku Ulaya unkafika kwathu mochedwa ndiponso wogwirako kale ntchito, ngati zovala za pa kaunjika. Kanema kunalibe; paja Television Malawi inadzayamba mu 1999. Tinali ndi wailesi ya Nzeru yomwe bambo ankaimangirira waya wopita mu mtengo wa mapeyala kuti igwire BBC Loweruka madzulo, komanso magazini akale a Shoot omwe akhuki ankatola m'nyumba za mabwana. M'menemo ndi momwe tinaonera zithunzi za ndime yomaliza ya European Cup ya mu 1984, pamene Liverpool inakasewera ndi Roma pa bwalo la Roma lomwelo. Zinathera 1-1, ndipo kanali koyamba kuti chikho chimenechi chipatsidwe potsatira mapenate. Liverpool inapambana 4-2, goloboyi wake Bruce Grobbelaar atagwedeza miyendo ngati woledzera mpaka Francesco Graziani n'kumenya mpira kumwamba. Amalume anga ena omwe anakhalitsa ku Bulawayo ankalumbira kuti Grobbelaar ndi mwana wa kwathu, poti anayambira ku Highlanders. Theka la kompaundi yathu linasanduka Liverpool chaka chimenecho, ndipo ena mpaka lero sanachire.

Patapita chaka kapena ziwiri, nkhani ya kulepherana inatipeza ifenso pa bwalo lathu. Inali ndime yomaliza ya chikho cha pa esiteti, anyamata a ku fakitale kulimbana ndi a divishoni ina ya kuphiri. Mphoto yake inali mbuzi ndi mpira watsopano. Masewero anayamba mochedwa kaamba kodikira bwana wamkulu, ndipo pomwe bambo ankaliza wezulo kuti nthawi yatha, zinali 1-1, chiperoni chitakuta bwalo lonse moti golo ina siinkaoneka ukaima pa inzake. Mapenate sakanatheka. Kubwereza mawa lake n'kosathekanso, poti Lolemba ndi tsiku la tiyi. Ndipo okonza chikhocho sanaganizeko zoti matimu atha kulepherana.

Bwana uja anapisa m'thumba natulutsa 20 tambala, napatsa bambo. Mukukumbukira ndalama ija: mbali ina njovu, mbali ina mutu wa Kamuzu. Bambo anaitana makaputeni awiri. Asanamalize n'kufunsa komwe, wa ku fakitale anakuwa kuti, "Ngwazi!" Wa kuphiri anangotsala ndi njovu, ndipo anachita kutchula monong'ona, poti tcheyamani wa chipani anali chilili pomwepo ndi anyamata ake a malaya ofiira. Ndalama inakwera m'mwamba, inatembenuka, n'kugwera m'matope. Titaunjikana kuti tione, pamwamba panali njovu.

Bwalo lonse linangoti zii. Nanga ndani akanayamba kululutira zoti mutu wa Ngwazi wagwa chafufumimba m'matope? Anyamata a kuphiri anakoka mbuzi yawo mwakachetechete ngati akuchokera kumaliro, ndipo akuti anakayamba kuvina atadutsa kale mlatho wachiwiri. Bambo anafika kunyumba osayankhula. Atamaliza kudya anangoti, "Nkhanga zinapangana kusanapse." Kuchokera tsiku limenelo sankalola kuyambitsa mpira wa chikho makaputeni onse awiri asananene pakamwa pawo, anthu akumva, chomwe chichitike akalepherana.

Ndinadzadabwa nditakula kumva kuti azungu eni akewo anadutsa momwemo. Mu 1965, mu ndime ya makotafainolo a European Cup, Liverpool ndi Cologne ya ku Germany zinalepherana 0-0 kawiri konse. Anakakumana kachitatu ku Rotterdam, m'dziko la Holland, kumenenso zinathera 2-2 ngakhale anaonjezera nthawi. Mphindi 300 za thukuta zinadzathera pa kanthu kobulungira ngati ndalama komwe woyimbira anaponya m'mwamba. Ulendo woyamba kanaima chilili m'matope, osagwera uku kapena uko. Ataponyanso, mwayi unagwera Liverpool. Ndiye musamati za ku Thyolo n'zachimidzi.

Chaka chomwecho cha 1965 bungwe la UEFA linayambitsa lamulo la chigoli cha koyenda. Cholinga chinali kuchepetsa masewero achitatu aja, komanso kulimbikitsa alendo kuti asamangounjikana pagolo pawo. M'mavidiyo sho mumamva anyamata akuti chigoli cha koyenda n'ziwiri. Sizinali choncho kwenikweni. Zigoli za masewero onse awiri zinkaphatikizidwa kaye, ndipo pokhapokha zikafanana m'pamene ankafunsa kuti wagoletsa zambiri pa bwalo la mnzake ndani. Imodzi mwa matimu oyamba kupindula nalo mu European Cup inali Benfica ya ku Portugal mu 1967. Inalepherana 1-1 ndi Glentoran ku Belfast, kenaka 0-0 ku Lisbon, n'kupitirira osapambana masewero ngakhale amodzi mwa awiriwo. Wogoletsa chigoli cha ku Belfast chija anali Eusébio, mwana wobadwira ku Mozambique.

Lamulo limeneli anthu a m'maesiteti tinkalikonda mwapadera, ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake. Akuluakulu amati tambala salira kwa eni. Agogo anga, monga Alomwe ambiri kuno, anachokera ku Mozambique nadzapeza malo ali kale m'manja mwa azungu. Kuti akhalepo ankayenera kugwira thangata. Ife adzukulu awo tinabadwira m'nyumba za kampani, zomwe umatulukamo tsiku lomwe ntchito yatha. Kunena mwa mpira, tinabadwira koyenda. Ndiye kumva kuti kwinakwake kuli lamulo loti tambala akalimba mtima n'kulira kwa eni, kulira kwakeko kulemere kuposa kwa mwini khomo, zinkatikomera m'khutu ngati nyimbo.

Komabe lamulo lililonse lili ndi tsiku lake lochititsa manyazi. Mu 2003 AC Milan ndi Inter zinakumana mu semifainolo ya Champions League. Matimu awiriwa amagwiritsa ntchito bwalo limodzi la San Siro. Masewero oyamba 0-0, achiwiri 1-1, Andriy Shevchenko kugoletsera Milan, Obafemi Martins wa ku Nigeria kubweza. Milan inapitirira ati chifukwa inagoletsa koyenda, chonsecho palibe anakwera ngakhale basi yopita mzinda wina. Zili ngati anthu awiri ogona nyumba imodzi, wina n'kumati lero ine ndine mlendo, ndipatseni ntchafu ya nkhuku. Koma a Inter sanapite kukadandaula kulikonse, poti lamulolo analidziwa mpira usanayambe.

Nkhani yomwe imandifika pamtima kuposa zonse ndi ya mu Novembala 1971. Rangers ya ku Scotland inagonjetsa Sporting ya ku Portugal 3-2 ku Glasgow. Ku Lisbon mphindi 90 zinatha Sporting ikutsogola 3-2, ndipo m'nthawi yoonjezera timu iliyonse inagoletsa chimodzi, kukhala 4-3. Kuphatikiza zonse, 6-6. Woyimbira wa ku Holland, Laurens van Ravens, analamula mapenate, ndipo Rangers inagonja. Ochemerera a Sporting anavina, osewera a Rangers anakakhala m'chipinda chovalira mitu ili pansi. Kenaka kunapezeka kuti woyimbirayo waiwala lamulo: Rangers inali ndi zigoli zitatu za koyenda, Sporting ziwiri zokha, ndipo chigoli cha m'nthawi yoonjezera chinkawerengedwanso. Mphunzitsi wa Rangers, Willie Waddell, anatengera nkhaniyo kwa akuluakulu a UEFA, chigamulo n'kutembenuzidwa. Rangers inapitirira mpaka kukatenga chikho cha Cup Winners' Cup mu 1972, itagonjetsa Dynamo Moscow 3-2 ku Barcelona.

Taonani chomwe chinapulumutsa Rangers. Woweruza analakwa ndithu, koma panali buku loposa woweruzayo, ndipo panali khomo loti wolakwiridwa akagogode. Mayi wothyola tiyi yemwe ankaima pamaso pa bambo anga, dengu litachotsedwa makilo anayi, analibe zonse ziwirizi. Akanatsegula tsamba liti? Akanagogoda kwa yani, poti wochotsa makiloyo ndi yemwenso anali ndi mphamvu pa tikiti yake?

Tsono tifike pa usiku uja wa pa 6 Meyi 2009. Apa n'kuti madishi atafika, ndipo pa sitolo iliyonse ya m'mbali mwa msewu wa ku Limbe panali kanyumba ka vidiyo, jenereta ikulira kuseri. Ine ndinaonera m'kanyumba kena kodzaza moti wina akayetsemula onse tinkagwedezeka. Chelsea inali ndi anthu ambiri kuno kaamba ka Didier Drogba ndi Michael Essien, ana a mu Africa. Masewero oyamba ku Barcelona anathera 0-0. Ku Stamford Bridge Essien anagoletsa mphindi khumi zisanakwane. Kenaka anyamata a Chelsea anapempha penate kanayi konse: Malouda atakokedwa, Drogba atagwetsedwa, mpira utagunda dzanja la Piqué, ndiponso utagunda mkono wa Eto'o kumapeto kwenikweni. Woyimbira Tom Henning Øvrebø anakana zonse. M'nthawi yoonjezera ija, Barcelona ili ndi anthu khumi okha, Andrés Iniesta anamenya chigoli, 1-1, Chelsea n'kutuluka ndi lamulo la koyenda.

Munali chipwirikiti m'kanyumbamo. Mnyamata wina wothyola tiyi anakwera pa benchi nakuwa kuti, "Refa ameneyu watichotsera makilo anayi a madzi kopanda mvula!" Anthu anaseka misozi ili m'maso. Wina atanyamula benchi kuti aswe, mkulu wina waulonda anamugwira mkono nati, "Achimwene, pepani, refayo ali ku Ulaya. Mabenchiwa ndi a konkuno, mawa tikhalapo tokha."

Pobwerera kunyumba usiku umenewo, tikudutsa m'tinjira ta m'munda wa tiyi, anzanga ankatukwana zinthu ziwiri ngati chinthu chimodzi: lamulo ndi woyimbira. Koma n'zosiyana. Lamulo la koyenda Chelsea inalidziwa. Inadziwa kuti pobwera ku Barcelona chimanjamanja, chigoli chimodzi cha alendo chidzakhala chakupha. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu unali pa maso a munthu mmodzi, yemwe zigamulo zake panalibe wozibweza. Øvrebø mwini wake anadzavomera patapita zaka kuti usiku umenewo analakwitsa zina. Koma chikho n'kuti Barcelona itachinyamula kale ku Rome, itagonjetsa Manchester United 2-0.

Sindine wodana ndi oyimbira ayi. Ndinaleredwa ndi ndalama ya woyimbira. Ndikudziwa kuti munthuyo amathamanga, amatopa, thukuta limalowa m'maso. Pa 12 Januwale 2022, ku Africa Cup of Nations, Janny Sikazwe wa ku Zambia anathetsa masewero a Tunisia ndi Mali pa mphindi 85, nawayambitsanso, n'kuwathetsanso mphindi 90 zisanakwane. Izi zinachitikira mumzinda wa Limbe, wa ku Cameroon osati wathuwu. Dziko lonse linamuseka, chonsecho ndi munthu yemwe anayimbirapo ndime yomaliza ya chikho chomwecho mu 2017 komanso World Cup ya 2018. Iye anafotokoza kuti dzuwa linamuzunguza mutu. Ine sindinaseke nawo. Ndinakumbukira bambo akubwera ku bwalo milomo itauma, anthu akuwaloza zala.

Kuti athandize maso a woyimbira, eni mpira anabweretsa makina a kanema otchedwa VAR, omwe analowa mu Champions League mu 2019. Bambo anatisiya zimenezi zisanabwere. Chaka chomwecho tinaona mphamvu yake: Raheem Sterling anagoletsera Manchester City kumapeto kwenikweni, bwalo lonse n'kupenga, kenaka kanema n'kuonetsa kuti Sergio Agüero anali ofusayidi. Chigoli chinafufutidwa, zigoli zonse pamodzi zinakhala 4-4, Tottenham n'kupitirira ndi za koyenda. Tinati basi, chilungamo chafika.

Chinatiphunzitsa ndi chathu chomwe. Pa 18 Januwale 2022 ku Bafoussam, Flames inagwirana pakhosi ndi Senegal ya Sadio Mané. M'chigawo chachiwiri Gomezgani Chirwa analowa m'bokosi, Bouna Sarr n'kumugwetsa, ndipo woyimbira Blaise Ngwa wa ku Cameroon analoza pa penate. Thyolo yense anaimirira. Kenaka woyimbira uja anaitanidwa kuti akaone pa kanema, ndipo atabwerako anati palibe penate. Zinathera 0-0. Chikanalowa chigoli chimenecho n'kutetezedwa, Malawi ikanakhala pamwamba pa gulu lonse ndi mapointi 6. Sindikunena kuti munthuyo anagulidwa ayi. Ndikungoti makina aja saweruza. Amangobwereza chithunzi, woweruza akadali munthu. Ngakhale pa shedi mutaika sikelo ya kompyuta, ngati wonena kuti lero madzi ndi makilo angati akadali munthu mmodzi wosafunsika, wothyola sanapindule kanthu.

Gulu lomwelo linatiphunzitsanso za malamulo olekanitsira. Malawi ndi Guinea zinamaliza ndi mapointi 4 iliyonse, zigoli zogoletsa ziwiri, zogoletsedwa ziwiri, kufanana ngati mapasa. Guinea inakhala yachiwiri chifukwa inatigonjetsa 1-0 titakumana. Ife tinapitirira ngati imodzi mwa matimu ochita bwino pa nambala yachitatu, koyamba m'mbiri yathu kudutsa ndime ya m'magulu, n'kukagonja 2-1 kwa Morocco pambuyo pa chigoli chija cha Gabadinho Mhango chomwe ana akuyeserabe m'mabwalo a sukulu. Senegal, yomwe inapulumuka kwa ife, inakatenga chikho pogonjetsa Egypt pa mapenate.

Lamulo lomweli loyang'ana amene anagonjetsa mnzake linaluma Mali mu 2010 ku Angola, m'gulu lathu lomwe. Flames ya Kinnah Phiri inathambitsa Algeria 3-0, n'kugonja kwa Angola 2-0 ndi kwa Mali 3-1, pomwe kungolepherana ndi Mali kukanatikwanira. Mali ndi Algeria zinamaliza ndi mapointi 4. Mali inagoletsa zigoli 7, Algeria chimodzi chokha m'masewero atatu, koma chimodzicho inagoletsa Mali yemweyo, ndiye inapitirira ndi Algeria. Mu 2015 Mali yomweyo inafanana ndi Guinea pa chilichonse, masewero onse atatu 1-1, mpaka akuluakulu a CAF anachita maere. Mwayi unagwera Guinea. Zaka 50 chichitikire za ku Rotterdam, mpira unali ukadaponyabe 20 tambala ya bwana uja.

Mu Juni 2021 UEFA inathetsa lamulo la chigoli cha koyenda. Inati zinthu zasintha: maulendo ndi osavuta, mabwalo ndi ofanana, ndipo kusewera pakhomo sikuthandizanso ngati kale. Mwa ziwerengero zake, m'zaka za m'ma 1970 eni bwalo ankapambana masewero 61 pa 100 alionse, alendo 19, koma pofika nthawiyo zinali 47 ndi 30. Inatinso lamuloli linkachititsa mantha eni bwalo, moti m'malo mothira nkhondo ankangotchinga kuopa chigoli cha mlendo. Mfundozo n'zomveka kwa anthu oyenda pa ndege maola awiri. Kuno ku Africa, komwe timu imatha kugona pa bwalo la ndege podikira ina yolumikiza, n'kukapeza kutentha kwina, chakudya china ndi bwalo lokumbika, koyenda kukadali koyenda. CAF inalisunga lamulolo pamene Ulaya ankalitaya. Mu 2023 Mamelodi Sundowns inatuluka mu semifainolo osagonja kwa Wydad, 0-0 ku Casablanca ndi 2-2 ku Pretoria. Mu 2025 Sundowns yomweyo inatulutsa Al Ahly mwa njira yomweyo, 0-0 ku Pretoria ndi 1-1 ku Cairo. Lamulo lomwe linailiza ndi lomwenso linadzaiseketsa, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro cha lamulo losayang'ana nkhope.

Pa zonsezi ine ndatolapo izi. Matimu awiri akalepherana, palibe njira yowalekanitsira yomwe ingakomere onse. Mapenate amasenzetsa mwana mmodzi katundu wa anthu khumi ndi mmodzi. Chigoli cha koyenda chimatulutsa timu yosagonja. Maere ndiye sayang'ana n'komwe thukuta. Chomwe munthu angapemphe ndi choti njirayo inenedwe mpira usanayambe, ilembedwe poti aliyense awerenge, ndipo woweruza akaphonya pakhale pokadandaula. Ngakhale ku Ulaya komweko akuphunzirabe. Pa 12 Malichi 2025 Julián Álvarez wa Atlético Madrid anaterereka pomenya penate yolekanitsira ndi Real Madrid. Mpira unalowa, koma VAR inati waukhudza ndi mapazi onse awiri, chigoli n'kukanidwa, Atlético n'kutuluka. Pofika Juni chaka chomwecho bungwe lokonza malamulo a mpira la IFAB linalongosola kuti zoterezi zikachitika mwangozi mpira n'kulowa, penate izibwerezedwa. Atlético sinabwezeredwe kanthu, koma wotsatira adzapeza njira yolambulidwa, chifukwa dandaulo linali ndi kolowera.

Ndiye inu okonza zikho za m'maboma, za aphungu ndi za makampani, musadikire chiperoni kuti muyambe kufunsana chochita. Lembani papepala, muwerengere makaputeni m'Chichewa anthu akumva, wezulo asanalire. Ndipo inu a m'maofesi a maesiteti, amene mumakhala nafe limodzi m'mavidiyo sho n'kumatukwana nawo Øvrebø, pempho ndi lomwelo. Wothyola tiyi sanapemphepo kuti mumulipire madzi a mvula. Akungofuna adziwe m'mawa, asanalowe m'munda, kuti lero masamba akanyowa achotsedwa makilo angati, awaone atalembedwa pa shedi, ndipo akaona kuti sikelo yamulakwira akhale ndi munthu wokamuuza popanda kuopa kuti tikiti yake ithera pomwepo.